MATAMANDA A LUANGWA

Munthu wobadwira ku Petauke kapena ku Nyimba akamva anzace a ku Malawi alikusimba za nyanja yao, kapena a ku Luapula alikutama Bangweulu ndi Mweru, amangokhala cete poganiza kuti kwao kulibe nyanja. Nzoonadi, nyanja yaikulu kulibe. Koma munthu yemweyo atatsika mapiri a kumpoto kapena a kumadzulo kwa mudzi wace, nalowa m'cigwa ca Luangwa, angapeze tinyanja tosawerengeka, tokhota ngati uta, todzala ndi mvuu, ng'ona ndi mbalame za mitundu mitundu. Amenewa ndiwo matamanda a Luangwa. Sanakumbidwe ndi munthu ai. Mtsinje womwe ndiwo umawabala, nuwadyetsa, ndipo potsiriza umawakwirira. Nkhalango yosungiramo nyama ya South Luangwa, imene mbiri yace yamveka kutsidya kwa nyanja zamcere, yachuka cifukwa ca matamanda omwewa. M'nkhani ino tiona m'mene thamanda libadwira, m'mene makolo anakhalira pafupi nalo, m'mene Boma linalowererapo, ndi zimene munthu wa lero angakaoneko.

MTSINJE NDI CIGWA CACE

Mtsinje wa Luangwa ucokera kutali kumpoto, ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi ndi Tanzania. Uyenda makilomita monga 770, nuthira m'Zambezi pa boma la Luangwa, limene dzina lace lakale ndi Feira, moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique. Cigwa cace ncotsika kwambiri poyerekeza ndi dziko la kumtunda kumene kuli Petauke, Katete ndi Chipata, ndipo ici ndico cifukwa cace kumatentha koopsya. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, kotero kuti nthawi ya masana mbalame zimangoti kukamwa yasa pa mthunzi.

Kumadzulo cigwaci catsekedwa ndi mapiri a Muchinga, amene aima ngati linga. Pakati pace, pamene pali nkhalango ya South Luangwa, dziko liri lathyathyathya ndi lotambalala, ndipo mtsinje umayenda cokhotakhota ngati njoka yokhuta. Koma ukafika kumwera, m'maiko a Mfumu Luembe ndi Mfumu Nyalugwe m'boma la Nyimba, mapiri amaupana mbali zonse ziwiri, nuyenda m'mipata ya miyala. Kunsi kwace ukomana ndi Lunsemfwa, ndipo pambuyo pace upita pansi pa ulalo wa mseu waukulu wocokera ku Lusaka, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Ali yense amene anayendapo pa basi adziwa malo amenewa, pakuti ndipo pamene apaulendo amagula nsomba zouma ndi madengu.

Mitsinje ya kwathu monga Lusangazi, Msanzala, Mvuvye ndi Nyimba, madzi ace onse amathera m'Luangwa. Cotero mai wotunga madzi pa dooko la ku Nyimba ndi mvuu ya m'Luangwa amwera m'cikho cimodzi, ngakhale sanaonanepo.

M'MENE THAMANDA LIBADWIRA

Mukaima pamene mtsinje wakhota, mudzaona kuti magombe awiriwo safanana. Gombe la kunja kwa khotolo ndi lalitali ndi logumuka, pakuti kumeneko madzi amathamanga mwamphamvu nadya dothi kunsi kwace, kufikira dothilo ligwa pamodzi ndi mitengo yomwe. Gombe la m'kati ndi la mcenga woyera, cifukwa kumeneko madzi amayenda pang'ono pang'ono nasiya mcenga umene anatenga kumtunda. Caka ndi caka khotolo limakula, lizungulira, mpaka mbali zace ziwiri zitayandikana, ndipo pakati pangotsala kamtunda kopyapyala ngati khosi la nsupa.

Tsono pakadza caka ca madzi ambiri, mtsinje sufunanso kuzungulira. Umaboola khosi lija nutsegula njira yacidule. Njira yakaleyo imatsekeka ku makomo ace onse awiri ndi mcenga ndi matope, ndipo madzi otsalira m'katimo ndiwo thamanda. Anthu a m'cigwa anadziwa zimenezi kalekale. Thamanda lina lochuka la m'nkhalangomo analipatsa dzina lakuti Luangwa Wafwa, ndiko kunena kuti Luangwa wakufa, popeza mtsinje unkayenda pamenepo kale ndipo unacokapo.

Komabe imfa yace si imfa yeniyeni ai. Akulu amati madzi saiwala khwawa. M'dzinja mtsinje ukasefukira umabwereranso m'njira zace zakale, nudzaza matamanda ndi madzi atsopano, nsomba ndi dothi lacajila. Dothi limeneli limaunjikana caka ndi caka, thamanda licepa, kufikira lisanduka dambo la msipu waufupi wokoma, wokondedwa ndi nseula, nswala ndi mbidzi. Pakapita zaka zina zambiri pamamera mitengo. Koma pomwepo mtsinje uli utabala kale matamanda ena atsopano kwina. Motero m'cigwa mumapezeka nthawi zonse matamanda a misinkhu yonse, akhanda, akulu ndi okalamba, ndipo ciri conse ca zamoyo cimapeza malo ocikomera. Cinsinsi ca kucuruka kwa nyama m'Luangwa cagona pamenepa. Mtsinje utaleka kusefukira ndi kusuntha, matamanda akale angakwiririke, atsopano osabadwa.

CAKA CA PA THAMANDA

Mvula imayamba m'Novembala kapena m'Disembala. M'miyezi ya Febuluwale ndi Malici mtsinje umadzala, madzi ace ali ofiira ndi matope, nulowa m'nkhalango pansi pa micenja ndi misikidzi. Milamba ndi nsomba zina zimatsata madziwo kukaswana m'maudzu. Nyama zambiri zimabalalika kunka ku zitunda za mitengo ya tsanya, pakuti madzi ali ponse ponse, ndipo dothi lakuda la m'cigwa limamata miyendo.

Kuyambira m'Meyi madzi amayamba kuphwa. Timitsinje ta mcenga timauma, zithaphwi za m'thengo zimatha, ndipo nyama zimabwerera ku mtsinje ndi ku matamanda. Pofika Seputembala ndi Okutobala, munthu atakhala pansi pa mtengo wa mvunguti m'mbali mwa thamanda angaone tsiku limodzi njobvu, njati zoyenda mazana mazana, ngoma, njiri, anyani ndi nyamalikiti zirikudza kudzamwa mosinthana. Mikango nayo idziwa zimenezi, ndipo imabisala m'mabango momwemo. Anyalugwe ali ambiri m'mitengo ya m'mbali mwa madzi. Anthu ophunzira za nyama awerenga m'nkhalangoyi mitundu ya nyama monga 60 ndi mitundu ya mbalame yoposa 400.

Mwini thamanda weniweni ndiye mvuu. M'Luangwa muli mvuu zocuruka koposa mitsinje yambiri ya m'Africa. Usana zimagona m'madzi, usiku zimaturuka kukadya udzu, imodzi nkutha makilogalamu 40 usiku umodzi. Pobwerera zimataya ndowe m'madzi, ndipo ndowezo ndizo cakudya ca tizirombo tating'ono timene nsomba zimadya. Njira zimene mvuu zimaponda zimasanduka ngalande zolowetsa madzi m'matamanda. Cotero msodzi amene amatukwana mvuu cifukwa ca kuopsya bwato lace, nsomba zace anamlimira ndi mvuu yomweyo.

Thamanda likatsala pang'ono kuuma, nsomba zimapanikizana m'matope. Pamenepo pamagwa phwando la mbalame. Abvuwo, akakowa, nkhwazi ndi zina za miyendo yaitali zimasonkhana mazana, zina zirikuopsya nsomba ndi mapazi, zina zirikumeza. Masiku omwewo mbalame zofiira zodya njuci zimafika kudzakumba zisa zao m'magombe ogumuka aja, mabowo mabowo ngati lichero lakale, ndipo ng'ona zimakwirira mazira ao mumcenga, amene amaswa itapita miyezi itatu, mvula itayamba.

ENI DZIKO NDI MWAMBO WA UZIMBA

Alendo ena amaganiza kuti cigwaci cinali ca nyama zokha ciyambire. Si momwemo ai. Kumwera kwace kunali Ansenga ndi Aambo, ca kumpoto Akunda, Abisa ndi Asenga. Mafumu a Ansenga monga Kalindawalo, Sandwe, Nyamphande, Ndake ndi Mwape ali ndi maiko ao kufikira lero, ena kumtunda, ena m'cigwa momwe. Anthuwa ankalima mapira, nadzala madimba m'mbali mwa mtsinje madzi ataphwa, natenga nsomba m'matamanda ndi miono ndi mikondo. Ng'ombe sankaweta m'cigwa cifukwa ca kashembe, cotero ndiwo ya nyama inkacokera m'thengo.

Koma kusaka sikunali kwa cisawawa. Mlenje wa njobvu anali munthu wophunzitsidwa ndi akulu anzace, wa mankhwala ndi zosala zace. Asanapite ku thengo ankathira nsembe kwa mizimu ya makolo, ndipo mkazi wace wotsala pa mudzi anayenera kudzisunga, pakuti anthu ankakhulupirira kuti iye akacimwa, mwamuna wace adzapwetekedwa ndi nyama. Njobvu ikagwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu, mwini nthaka, ndipo nyama inkagawidwa pa mudzi. Munthu wacilendo sankasaka m'dziko la eni osayamba waonekera kwa mfumu. Motere nyama zinali ndi mwini, ndipo mwiniyo ankakhala pafupi nazo.

Zinthu zinasintha pamene malonda a minyanga anakula. Apwitikizi anali ndi msika ku Zumbo kuyambira zaka za m'ma 1700, ndipo m'caka ca 1798 Lacerda anaoloka Luangwa pa ulendo wace wonka kwa Kazembe. Pambuyo pace Acikunda, anyamata a mfuti ocokera ku Zambezi, analowa m'cigwa pansi pa atsogoleri oopsya monga Matakenya, nasinthanitsa nsaru, mikanda ndi onga ndi minyanga, ndiponso ndi akapolo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo m'Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada, nakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga asanapitirire kumpoto. M'tsogolo mwace Mpezeni anabwerera, ndipo Angoni ace anatenga akazi a Cinsenga ambiri, kotero kuti cinenero ca Angoni a ku Chipata lero cifanana kwambiri ndi Cinsenga. David Livingstone anaoloka Luangwa m'Disembala 1866, napeza nyama zikali zambiri. Koma m'zaka za m'ma 1890 kunagwa mliri wa ng'ombe umene unapululanso njati ndi nyama zina za ziboda, ndipo njobvu zinali zitacepa kale ndi mfuti.

AZUNGU NDI MALAMULO A NYAMA

Angoni a Mpezeni atagonja m'caka ca 1898, dziko linalowa m'manja mwa British South Africa Company. Boma loyamba la Petauke linamangidwa kufupi ndi cigwa, pamalo pamene lero pamadziwika kuti Old Petauke. Bwana wina amene anakhalako zaka zambiri, Harry Thornicroft, anaombera nyamalikiti natumiza cikopa cace ku London. Kumeneko Richard Lydekker anaona kuti mawanga ace asiyana ndi a nyamalikiti za kwina, ndipo m'caka ca 1911 anaipatsa dzina la Thornicroft. Nyama imeneyi ipezeka m'cigwa ca Luangwa mokha, ndipo zonse pamodzi ziri mazana owerengeka cabe. Alenje a Cinsenga anaidziwa makolo a Thornicroft asanabadwe, koma m'mabuku a dziko lonse iyenda ndi dzina la Bwana wa ku Petauke. M'cigwamo mulinso nyumbu za mtundu wacewace, zimene zinapatsidwa dzina la Cookson.

Malo oyamba oletsedwa kusakamo anaikidwa m'caka ca 1904, koma lamulolo silinakhalitse. Masiku amenewo Boma linabvutika koposa ndi nthenda ya kaodzera. M'caka ca 1910 madotolo a ku Liverpool anapeza kacirombo ka mtundu watsopano m'mwazi wa Mzungu wina amene anadwalira ku Luangwa, ndipo pofika 1912 Kinghorn ndi Yorke, amene anacita nchito yao ku Nawalia m'cigwa momwemo, anatsimikiza kuti kashembe wamba wa m'thengo ndiye amatenga nthendayo ku nyama napatsa anthu. Kuyambira pamenepo midzi ina inasamutsidwa nthawi ndi nthawi, ina cifukwa ca nthenda, ina cifukwa ca malamulo a nyama.

Captain Pitman, woyang'anira nyama ku Uganda, anayendera dzikoli m'zaka za 1931 ndi 1932, nalangiza Boma kuti lipatule nkhalango zina. Cotero m'caka ca 1938 dziko la kutsidya kwa Luangwa linalengezedwa kuti ndi losungiramo nyama. Kwa Azungu ici cinali cinthu cabwino. Kwa munthu wa pa mudzi cinali cowawa. Mnyanga wogunda pansi sunalinso wa mfumu koma wa Boma. Mlenje amene kale ankabvinidwa pobwera ku thengo tsopano anasanduka wakuba. Ndipo njobvu yodya mapira ace inali ndi lamulo loicinjiriza, pamene mapirawo analibe.

Mmodzi mwa Azungu amene anaona kuipa kwa zimenezi ndiye Norman Carr, wobadwira ku Chinde m'caka ca 1912, amene poyamba nchito yace inali ya kuombera njobvu zoononga minda. Iye anaganiza kuti anthu sangasunge nyama imene sapindula nayo. M'caka ca 1950 anapangana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule gawo la dziko lace, kuti alendo azidza kudzaona nyama ndi maso cabe, osaombera, ndipo ndarama zao zizilowa m'thumba la Akunda eni ace. Zinthu zinayenda bwino, ndipo m'zaka zotsatira msasa wina wa alendo unamangidwa kumwera, ku Chilongozi, mbali ya ku Petauke. Carr ndiyenso anayambitsa mwambo wa kuyenda ndi alendo pansi m'thengo, umene wachukitsa Luangwa kufikira lero. Anamwalira m'caka ca 1997.

Dziko litalandira ufulu, Boma la Zambia linaphatikiza nkhalango yakale ija ndi zigawo za Nsefu ndi Chilongozi, ndipo m'caka ca 1972 linakhazikitsa South Luangwa National Park, ya masikweya kilomita 9,050 ukulu wace. Pulezidenti Kenneth Kaunda anakonda malowa kwambiri, ndipo ankapumula ku nyumba ya pa phiri la Chichele. M'mbali mwa nkhalangoyo munaikidwa maiko amene anthu amaloledwa kukhalamo ndi kulima, koma kusaka kuli kwa cilolezo cokha. Awiri mwa amenewa ali kwathu: la Sandwe, limene tsopano liri m'boma la Lusangazi, ndi la West Petauke, kutsidya kwa mtsinje m'boma la Nyimba.

ZAKA ZA MFUTI

M'caka ca 1973 anthu owerenga nyama ali m'ndege anapeza njobvu zoposa 80,000 m'cigwa ca Luangwa. Zinacuruka kotero kuti zinkagwetsa milambe ndi nkhalango za tsanya, ndipo Boma linali litayamba kale kuphako zina kuti zicepe. Koma cakudza siciyimba ng'oma. Mtengo wa mkuwa unagwa, nchito m'migodi zinasowa, Boma linasauka, pamene mtengo wa minyanga unakwera ku maiko akunja. Magulu a anthu a mfuti za nkhondo analowa m'cigwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, njobvu zambiri zinali zitatha, ndipo malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa m'caka ca 1989.

Cipembere ndico cinaona tsoka loposa. Kale zipembere zinali zikwi m'cigwamo, koma m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia monse simunatsale cipembere cakuda ngakhale cimodzi. M'caka ca 2003 zina zinatengedwa pa ndege kucokera ku South Africa kunka ku North Luangwa, kumene zisungidwa ndi alonda usana ndi usiku. Ku South Luangwa mwana wa lero angomva dzina.

Tsoka limeneli linakumbutsa Boma nzeru ya Nsefu ndi Carr. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kunayesedwa njira zakuti midzi izilandira gawo la ndarama za nyama, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa mabungwe a anthu m'dziko la mfumu iri yonse yokhala ndi nyama, amene amalemba alonda a pa mudzi ndi kuthandiza pa masukulu ndi zitsime. Bungwe la COMACO, loyamba m'caka ca 2003, limene lifikanso ku Nyimba, limagula nsawawa, mpunga ndi uci kwa alimi amene apereka mfuti zao ndi misampha ya waya.

Tisaname kuti mlandu watha. Walira mvula walira matope. Njobvu zikabwerera zimabwerera ndi njala yao, ndipo munda wa cimanga umene banja lalimira miyezi inai ungathe usiku umodzi. Alimi amacezera m'misasa ndi zitini ndi moto, ena amafukiza tsabola. Ng'ona imagwira mai pa dooko. Ndarama za nyama zimafika mocedwa ndi mocepa. Munthu wotere mukamuuza kuti nyama ndi cuma ca dziko, amafunsa kuti cumaco cilowera khomo liti, ndipo funso lace nloyenera kuyankhidwa.

NYANJA IMENE SINAPANGIDWE

Panatsala pang'ono kuti anthu a ku Nyimba ndi Petauke akhale nayo nyanja yaikulu ndithu. Kampani ina inafuna kutseka Luangwa pa mpata wa Ndevu, pamene mapiri apana mtsinje, kuti ipange magetsi. Madzi akadabwerera m'mbuyo mtunda wautali, kumiza madimba, midzi ndi manda, kufikira kulowa m'nkhalango ya South Luangwa.

Magetsi ngofunika, ndipo ali yense amene wakhalapo mumdima m'zaka za cilala adziwa zimenezi. Koma dziko lino linaphunzirapo kale. Pamene Zambezi anatsekedwa ku Kariba m'caka ca 1958, Atonga monga 57,000 anasamutsidwa ku maiko ao a m'mbali mwa mtsinje, ndipo ambiri anaikidwa pa nthaka yosabala. Ku Cahora Bassa, kumene anatseka m'caka ca 1974, kusefukira kwa caka ndi caka kumene kunkadyetsa madimba ndi nsomba kunsi kwa mtsinje kunasokonezeka. Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje yaikulu yowerengeka ya kuno kumwera kwa Africa imene sinatsekedwe pena pali ponse. Nyanja ya madzi oima siboola khosi la khoto, sibala thamanda, ndipo dothi lacajila limangomira pansi pace.

Mafumu a m'mbali mwa mtsinje, asodzi, eni misasa ya alendo ndi bungwe la WWF anadandaula ku Boma, ndipo anthu pafupifupi 200,000 analemba maina ao pa kalata yokana. M'mwezi wa Juni 2019 Boma linaimitsa nchitoyo, ndipo Mfumu Luembe inali pakati pa amene anathokoza poyera. Koma njala ya magetsi sinathe, ndipo nkhani yotere ingadzukenso. Palinso mdani wina wosamveka phokoso, ndiye nkhwangwa. Mitengo ikatha m'mapiri a kwathu ndi makala ndi minda yatsopano, mvula imakokolola dothi, mitsinje imadzala mcenga, madzi amathamanga onse nthawi imodzi m'dzinja, ndipo m'cirimwe muli gwa. Wotentha makala ku Msanzala kapena ku Mvuvye ali ndi dzanja pa Luangwa monga momwe aliri nalo womanga damu.

KUKACEZA KU MATAMANDA

Cipata cacikulu ca nkhalango ciri pa ulalo wa Mfuwe. Wocokera ku Nyimba kapena ku Petauke angatsate mseu waukulu kufika ku Chipata, nakhotera ku Mfuwe, mtunda wa makilomita monga 130 pa tara. Iripo njira ina yakale yotsika ku Petauke kudzera kwa Sandwe ndi kwa Malama, yotsata mtsinje. Njokongola, koma ifuna galimoto yamphamvu ndi nyengo ya cirimwe, ndipo nkwabwino kuyamba mwafunsa amene adzeramo posacedwa. Alendo akutali amatera pa ndege ku Mfuwe. Mwini dziko amalipira pa cipata ndarama zocepa kuposa mlendo wakunja.

Wofuna kuona nyama zambiri apite pakati pa Julayi ndi Okutobala. Wokonda mbalame ndi msipu wobiriwira apite m'dzinja, pamene misasa ina imatenga alendo pa boti kulowa m'matamanda odzala. Nthawi yabwino ndi mbanda kuca ndi madzulo. Usiku otsogolera alendo amayenda ndi nyali yowala, ndipo pamenepo mpomwe nyalugwe, fisi ndi nungu zimaoneka. Koma cokoma koposa ndi kuyenda pansi, anthu owerengeka mumzera umodzi, mlonda wa mfuti ali patsogolo. Kumeneko munthu amaphunzira kuwerenga mapazi pa mcenga, kuyang'ana kumene mphepo icokera, ndi kumvera kulira kwa anyani ocenjeza za mkango. Zimenezi ndi nzeru zomwe zija za alenje akale, ndipo ambiri mwa otsogolera alendo lero ndi adzukulu ao.

Malamulo ndi apafupi. Musaturuke m'galimoto pamalo osaloledwa. Musapatse anyani cakudya. Musasambe kapena kutunga madzi m'thamanda ngakhale lioneke lacete, pakuti pansi pa masamba oyandama pali ng'ona. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi, kapena pakati pa njobvu ndi mwana wace. Musatole kanthu, ngakhale nthenga kapena pfupa, ndipo musayatse moto.

Cinthu comvetsa cisoni nciti? Ncakuti Azungu amaoloka nyanja ndi ndarama zambiri kudzaona nyamalikiti ya dzina la Bwana wa ku Petauke, pamene ana ambiri a ku Petauke komweko amaiona m'buku lokha. Aphunzitsi amene ali ndi magulu a Chongololo pa sukulu zao angacite bwino kupangana ndi makolo ndi akulu oyang'anira nyama, kusonkha pang'ono pang'ono, ndi kutenga ana ulendo umodzi m'cirimwe. Akafika, awaimike pa gombe logumuka, awaonetse mcenga wa tsidya linalo, ndipo pambuyo pace apite nao ku Luangwa Wafwa. Mwana amene waona ndi maso ace pamene mtsinje unkayenda kale ndi pamene uyenda lero, tsiku limene nkhani ya Ndevu idzabwerenso pa bwalo la mfumu, adzadziwa cimene cirikukambidwa.